Chigubu cha petulo ku nazale

Mlongo wanga ndinachita kumuitanitsa ndine kuchokera kwathu ku Phalombe. Mwamuna wanga atamwalira ndinaona kuti munda wa fodya sindingauthe ndekha, ndipo pa esiteti ya ku Njombwa tenanti wopanda manja okwanira sachedwa kumuonetsa msewu. Anabwera ndi kachikwama kamodzi ndi zipangizo zake zomatira machubu a njinga. Anali wamsinkhu woti n'kukhala ndi banja lake, koma kwa ine anali yemwe uja ndinkamubereka kumbuyo amayi akapita kudimba.

Zinayamba nyengo yothyola. M'mawa wina tili pakati pa mizere, masamba ali chinyowere ndi mame, ndinangoona wakhala pansi atagwira pachifuwa. Thukuta lili kamukamu.

"Achemwali, ndikufa ine. Mtimawu utuluka."

Anthu a m'fodya sitidabwa ndi zotere. Tsamba lonyowa limalowa m'thupi kudzera pakhungu, munthu n'kumva chizungulire ndi nseru, mtima n'kumathamanga. Amayi a munda woyandikana ndi wathu anangoti, "Fodya wamulowa ameneyo, mupatseni mkaka." Ndinagula mkaka. Ndinamusokera chovala cha matumba a feteleza kuti mame asamamukhudze, ndipo ndinkamuseka kuti ngakhale akhwangwala amuthawa.

Koma fodya anauma m'chigafa, tinayamba kusankha, matenda osatha. Akamva njinga yamoto ya kapitawo ankadzidzimuka ngati waba. Ankazungulira chigafa n'kumagwedeza nsanamira imodziimodzi, ati chitigwera. Pamsika sankatha kuima pagulu, amati mpweya ukumuthera. Ndinkatopa naye, ndisaname. Tsiku lonse uli chiweramire, msana ukuwawa, kenako uyambenso kunyengerera munthu wandevu zake kuti denga silikugwa.

Ndinapita naye kuchipatala cha paboma. Adokotala anamuyeza, n'kunena kuti mtima ulibe vuto, magazi akuyenda bwino. Kenako anamufunsa mofatsa.

"Mumamwa mowa? Chamba? Nanga pali china chomwe mumanunkhiza, monga guluu kapena petulo?"

Mlongo wanga anayang'ana pansi. Ine ndi pakamwa pangapa ndinalumphira.

"Adokotala, uyu ndinamulera ndekha. Ngakhale ndudu sagwira. Ndi fodya wakumunda basi."

Adokotala anamuyang'ana kanthawi mlongo wangayo, n'kumuuza kuti tsiku lina adzabwere yekha. Ndinang'ung'udza njira yonse yobwerera, kuti anthu ophunzirawa amaona ngati tenanti aliyense ndi chidakwa.

Nyengo ya nazale itafika ndinaganiza nzeru. Nazale za esiteti zili kudambo, ndipo madzi othirira mbande amapopedwa ndi kainjini ka petulo. Woyang'anira injini ntchito yake ndi yopepuka: kuiliza, kusuntha paipi, kusunga chigubu cha mafuta. Tsamba la fodya sakhudzana nalo. Ndinagwira tambala wanga, yekhayo amene ndinali naye, n'kukagwada kwa kapitawo. Ndinati mlongo wangayu fodya sayanjana naye, muikeni painjini. Kapitawo anamuyeza tambala uja m'manja, n'kuvomera. Ndinabwerako ndikudzitama mumtima kuti mlongo wanga ndamupulumutsa.

Patapita milungu ingapo anayamba kuwonda. M'mbali mwa mphuno ndi pakamwa munatuluka tizilonda. Ukamuuza chinthu m'mawa, masana waiwala. Manthawo anachita kunyanya, moti nkhuku ikangokupiza mapiko iye wadumpha. Ine ndinkati ndi dzuwa la Okutobala, dambo lija limatentha.

Masana ena ndinamutengera mbatata yophika. Ndili chapatali ndinamva injini ili chilirire, ndipo nditayandikira ndinaona madzi akusefukira m'mabedi, mbande zikukokoloka. Iye ndinamupeza kuseri kwa chulu, chigubu chili pakati pa miyendo, kansanza konyowa ndi petulo ataphimba nako mphuno ndi pakamwa. Anandiyang'ana osandizindikira.

Ndinakazimitsa injini, n'kukhala pansi pambali pa mlongo wangayo.

Atatsitsimuka analira. Anati anayamba kalekale kwathu, ndi guluu womatira machubu uja.

"Ndikanunkhiza, mantha amachoka kanthawi. Zikatha m'mutu amabwera ochuluka kuposa poyamba, ndiye ndimanunkhizanso. Tsiku lija munandipezera ntchito ino ndinafuna kukana, achemwali. Koma munali mutapereka kale tambala."

Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero. Ndinamuchotsa patsamba lomwe silinamulakwire, n'kumukhazika ndi manja angawa pomwe panali mdani wake, ndipo ndinalipiranso.

Ndinabwerera kwa kapitawo kukanama kuti utsi wa injini ukumupweteka m'chifuwa. Kapitawo anaseka mpaka kutsokomola.

"Tsamba ayi, utsi ayi. Mayi, mlongo wanuyu ndi dzira kodi?"

Komabe kapitawoyo anamuchotsa painjini paja. Chikhala kuti anadziwa za mbande zokokoloka zija ndi chomwe chinachititsa, bwenzi tonse titamanga katundu. Guluu wotsala ndinamuponya m'chimbudzi. Kuchipatala anapita yekha, ndipo amapitabe. Zomwe amakambirana kumeneko sindifunsa.

Mantha sanathe. Amamugwirabe tili kumunda, ndipo ndimasiya khasu, n'kumugwira dzanja, n'kumapuma naye pang'onopang'ono monga anamuphunzitsira kuchipatala, mpaka zitadutsa. Kenako timabwerera kumizere, chifukwa fodya sadikira munthu. Ndatopa. Ndatopa ndi kumvetsera mapazi ake, ndatopa ndi kuwerenga nkhope yake akachokera kumsika. Iye amati anasiya. Koma petulo akugulitsidwa m'mabotolo m'mbali mwa msewu uliwonse, ndipo ine sindingakhale paliponse.

Dzulo ndikuchapa pamjigo ndinanyamula malaya ake, n'kuwafikitsa kumphuno ndisanawaviike. Ndimatero nthawi zonse, koma ulendo uno nditadzutsa mutu ndinapeza waima pomwepo akundiona. Ndinasowa poyang'ana. Anapisa m'thumba, n'kutulutsa kampango kake, n'kundipatsa kuti ndinunkhizenso.