Mabenchi Obiriwira a Chidindo

Pa fakitale ya penti ankamutcha Chidindo, chifukwa chilichonse chimene wamuikira patebulo ankangodinda osawerenga. Anzake ankati ngakhale utamupatsa kalata yomuchotsa ntchito iye yemweyo, angadinde n'kukuthokoza.

Ntchito yake inali yolemba pepala lotsagana ndi chitini chilichonse: penti uyu ndi wa madzi kapena wa mafuta, asungunulidwe ndi chiyani, lita imodzi ikwana khoma lalikulu bwanji, atenga nthawi yotani kuti aume. Imeneyi ndi ntchito ya munthu woona mtima, pakuti wogula sadziwa za m'chitini, amangokhulupirira pepala. Koma Chidindo anamerera imvi pampando umenewo asanagwirepo bulashi. Chipinda choyesera penti chinali kuseri kwa khoma la ofesi yake, iye n'kumati fungo limamupweteketsa mutu. Penti watsopano akatuluka, ankatenga pepala la wakale, kusintha dzina pamwamba, chidindo phaa, basi yatha. Malaya oyera mbee, zolembera ndandanda m'thumba. Kunyumba ankadziguguda pachifuwa: "Dziko lonseli limapaka zimene ndalemba ine."

Kenako bwana anabweretsa kompyuta yotulutsa yokha mapepalawo. M'menemo munali pepala limodzi lalikulu, limene antchito analitcha mayi, ndipo mapepala ena onse anali ana ake. Chimene walemba mwa mayi chinkafika kwa ana onse, pokhapokha utatsegula mwana n'kumulembera zakezake.

"Ndiye mutsegule mwana aliyense, achikulire, muike manambala ochokera koyesera," anatero bwana.

"Zochepa zimenezo, bwana. Musataye nazo tulo."

Waulesi mukamupatsa njinga, miyendo amaiiwala. Chidindo anadzaza mayi ndi manambala a penti wa madzi, wouma msanga uja, ana onse n'kutengera. Sanatsegule mwana ndi mmodzi yemwe. Kompyuta inkalavula mapepala iye akusinza, pakamwa yasa. Ogula penti wa mafuta akabwera kudzadandaula kuti zitseko zawo sizikuuma, ankawayang'ana pamwamba pa magalasi. "Kuwerenga mumatha inu?"

Ndiye unafika ukwati wa mwana wake wamkazi. Akuchimuna anali anthu opezako bwino, ndipo Chidindo ankafunitsitsa chinthu chimodzi: bambo a mkwati, asewere akewo, amuone kuti naye ndi munthu wolemekezeka. Madyerero anali oti achitikire pabwalo la nyumba yake. Mabenchi amene anabwereka anali otuwa ngati miyendo ya mwana wosasamba, choncho anabwera ndi chitini cha penti wa mafuta, wobiriwira.

Mkazi wake anamukumbutsa sabata yonse kuti apake. Iye mawa, mawa. Tsiku la ukwati m'mamawa ndi pamene anatsegula chitini.

"Bambo a kunyumba, lero lomwe lino? Auma?"

"Ola limodzi. Pepala ili likutero."

"Analemba ndani pepalalo?"

"Ine, nanga ndani?"

"Eya, n'chifukwa chake ndikufunsa."

"Iwe za penti uzidziwira kuti? Pita ukaone miphika."

Apa ndi pamene panagona uchitsiru wake. Wabodza wochenjera amakumbukira kuti ananama. Chidindo anali atayamba kukhulupirira chidindo chake chomwe. Anapaka mochindikala, kuti ziwale, n'kuvala suti kupita kukakwatitsa mwana.

Pobwerako masana mabenchi anali phuliphuli padzuwa. Pamwamba panali patagwira kakhungu, m'kati muli phala. Iye mwini anatsogolera akuchimuna ku mabenchi a kutsogolo, amene anawapaka kawiri. Asewere anali mu suti yotuwira, akazi awo mu diresi loyera la maluwa. Anakhala. Chidindo analankhula nthawi yaitali, za ulemu, za kulera mwana, za udindo wake pa fakitale. Dzuwa likuswa mtengo, anthu akusunthasuntha pamene akhala.

Itakwana nthawi yoti asewere ayankhe, mkuluyo anadzuka. Benchi inadzuka naye pang'ono, kenako n'kumusiya ndi kaphokoso konga kung'ambika kwa nsalu. Kumbuyo kwa suti kunali mizere iwiri yobiriwira, yowongoka bwino. Akazi awo atati aone, nawo anamatirira. Mzere wonse unayamba kudzimatula, wina kugwira benchi ndi manja kuti adzuke, manja nawo biriwiri.

Azakhali a mkwati, mayi wa pakamwa posatseka, anakuwa: "Asewere, mwatidinda! Chatsala n'kutiika m'katoni!"

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Bambo a mkwati okha ndiwo sanaseke. Anavula jekete, kuliyang'ana, n'kulipinda mizere ili m'kati.

"Paja munati mapepala a penti ameneyu mumalemba ndinu?"

"Ndi kompyuta, asewere. Makina a masiku ano..."

"Pamene mumalankhula paja munati ndinu."

Akuchimuna anadya choimirira, n'kunyamuka dzuwa lisanapendeke. Mkwatibwi analira mpaka zodzola kumaso zinasungunuka. Kuyambira tsikulo asewere akabwera kudzaona adzukulu, amayamba agwira mpando ndi chala, kuyang'ana chalacho, kenako n'kukhala. Amachita zimenezi Chidindo akuona.

Lolemba lake analawirira ku ntchito, nkhope ili gwa. Khomo la chipinda choyesera linali lotsegula, ndipo aliyense akanati lero ndiye alowamo. Anadutsa. Anakhala pa kompyuta, kutsegula mayi uja, kufufuta ola limodzi, n'kulemba tsiku lathunthu. Ana onse anatengera. Tsopano ogula penti wa madzi amagona pakhonde kudikira khoma limene linauma kalekale, ndipo Chidindo akadali pampando wake, malaya oyera mbee, kuuza aliyense kuti kompyuta ndi yabodza.