Kapota Yochoka ndi Chingwe Chimodzi

Inu amene mukuti moyo wakupanikizani, tamvani za Doroteia.

Mu 1986 anafika ku Furancungo wapansi kuchokera ku Chidzolomondo, nkhondo itatentha nyumba yake ndi kupha mwamuna wake. Anasenza makina osokera opukusa ndi dzanja. Ena pothawa ananyamula mbale ndi mabulangete, iye ananyamula chitsulo.

Anapempha malo osokera pakhonde la a Policarpo, amene anali mlembi nthawi ya Apwitikizi ndipo ankavalabe tayi pothirira kabichi. Bambowa anali ndi galimoto ya m'ma 1950. Kapota yake, denga lansalu lija, makoswe anali atadya, kunangotsala zitsulo zitatu zokhota.

"Khonde langa si msika, mayi," anatero a Policarpo. "Mundisokere kapota. Ikatheka, khalani. Ikakanika, osoka ena alipo."

Doroteia anali asanasokepo chinthu chachikulu kuposa diresi la ukwati. Koma pakhondepo ndi pamene ana ake awiri akanadyera, ndiye anavomera.

A Policarpo anamupatsa lona, chinsalu chokhuthala cha tenti yakale. Tsiku loyamba masingano atatu anathyoka, mpaka anaphunzira kupaka sopo podutsa msoko. Patatha masabata awiri kapota inakhala pagalimoto, yokungika bwino, yomangidwa ndi mfundo makumi awiri.

Masiku amenewo popita ku Tete magalimoto ankayenda pa koluna, mdipiti woperekezedwa ndi asilikali. A Policarpo anakaima pamzere, chifuwa patsogolo. Msilikali anazungulira galimotoyo kamodzi.

"Madala, mfuti zikalira panjira anthu anu adumphira pati? Chotsani ichi."

A Policarpo anayamba kumasula mfundo. Pofika yachisanu ndi chiwiri, koluna inali itapita. Anabwerera kunyumba fumbi lili m'makutu.

"Mayi, longedzani makina anu."

"Ndipatseni mpaka Lachisanu, bambo. Koluna ina ikakusiyani, ndichoka ndekha."

Lachiwiri linadutsa, nzeru palibe. Lachitatu Doroteia anali pamzere wolandira chimanga cha chithandizo, ndipo anaona mayi wina akutsegula thumba. Anangokoka ulusi umodzi, msoko wonse n'kusosoka. Doroteia anali atatsegula matumba moyo wake wonse osaganizapo kanthu. Tsiku limenelo anatola ulusiwo n'kuyamba kuwufufuza mmene umalowerana.

Anasokerera timakutu tansalu m'mphepete monse mwa kapota, kenako anailumikiza ku galimoto ndi chingwe chimodzi, mwa msoko wa thumba. Chinkakodwa m'makona. Anaphwasula kanayi, zala zikutuluka magazi, mpaka anachipaka kandulo. Chinayamba kutsetsereka.

Lachisanu msilikali uja anapukusa mutu. "Mwabweranso ndi nyumba yanu, madala?"

A Policarpo anakonza tayi, n'kukoka chingwe ndi zala ziwiri. Kapota yonse inagwera kumbuyo msilikali asanatseke pakamwa.

"Tabwezeranipo," anatero msilikaliyo, "ndikoke ine."

Koluna inanyamuka mochedwa tsiku limenelo, chifukwa mkulu wa asilikali nayenso anafuna kukokako.

Ku Tete a Policarpo anauza madalaivala kuti luso limeneli analiona ku Lisboa, kumene anali asanapondeko. Madalaivala anamvetsera mwaulemu, kenako anafunsa kumene mayi wosokayo amakhala. Anayamba kubwera ndi malona a malole awo. Chaka chisanathe pakhonde paja panali makina atatu ndi amayi anayi ophunzira ntchito, onse othawa nkhondo, ndipo a Policarpo ankalowa m'nyumba mwawo kudzera khomo lakumbuyo.

Inu amene ntchito yanu yoyamba aikana pagulu, musalongedze msanga. Pemphani masiku ena ochepa, ndipo muyang'anitsitse zimene manja anu akhala akuchita kuyambira kale. Mtima musautaye, Lachisanu lanu lisanafike.