Hutala ya Mayi Wamkaka

Makanika uyu sankathamangira sipanala. Munthu akabwera akukankha njinga yamoto, thukuta lili kamukamu, iye ankangopukuta manja pa ovolosi n'kunena kuti, "Yatsani kiyi. Imbani hutala. Tsopano dinani sitata." Kenako ankapendeketsa mutu, maso ali tsinzi, ngati munthu womvetsera miseche ya kuseri kwa mpanda.

Hutala ikalira mwamphamvu koma sitata n'kungoti tcha, ankayang'ana kusitata. Ikalira mosasa mawu, ankadziwa kuti batire lafooka. Kukangoti zii, ankayamba ndi fiyuzi. Anaphunzitsa ana ake onse ndi khutu limenelo, ndipo ankanyada nalo, mwinanso mopitirira muyeso.

Mkazi wake ankasoka zovala pakhonde la nyumba yawo, yomwe inagundana ndi shedi yogwiriramo ntchito. Zaka zonsezi ankamva mahutala a anthu kudzera pakhoma la malata, mpaka anadziwa matenda a njinga osafuna n'komwe. Ndiye ndi iye amene anayamba kuona kuti zinthu zasintha. Wailesi ya m'nyumba inayamba kukwezedwa mpaka mbale kunjenjemera. Akaitana, mwamuna ankatembenuka pokhapokha mawu akachokera kumanzere. Tsiku lina anamumva akuuza kasitomala kuti hutala yafa, chikhalirecho inali italira mpaka kudzutsa galu. Kasitomala uja anangokankha njinga yake n'kupita kwa makanika wina, ndipo anzake awiri anamutsatira.

Madzulo ake mwamunayo anati, "Ntchito imeneyi yanditopetsa, mwina ndingotseka." Mkaziyo anamva chisoni, chifukwa ankadziwa kuti si kutopa. Koma kumuuza bambo uyu kuti makutu akutha kunali kovuta. Ndi munthu woti ngakhale atadzimenya ndi hamala amati amayesa kulimba kwa chala.

M'mawa wina kunafika mayi wogulitsa mkaka, zigubu zili mbali ndi mbali ya njinga.

"Bambo, ndithandizeni, yakana kulira. Dzuwa likakwera mkaka wonsewu usasa."

"Musadandaule mayi. Yatsani kiyi. Imbani hutala."

Mayiyo anadina. Hutala inalira, koma motsitsa, mosasa. Makanika anali atapendeketsa mutu monga mwa masiku onse, akudikirabe mawu amene anali atadutsa kale. Mkazi wake anamuona pa mpata wa malata, ndipo mtima unamupweteka.

"Yangoti zii eti?" anatero makanika. "Ndiye ndi fiyuzi imeneyo."

Mayi wamkaka anatsegula pakamwa modabwa. Asanalankhule, mkazi wa makanika anali atafika kale ndi kapu ya tiyi imene palibe anaitanitsa. Anazungulira dala kuti aime kumanzere kwa mwamuna wake, nawerama ngati akufuna poika kapu.

"Abambo, tiyi wanu uyu. Koma hutala imeneyi bwanji ikulira ngati yagwidwa chimfine?"

Makanika anamuyang'ana kanthawi. Kenako anatsokomola.

"Ndimafuna ndione ngati fiyuzi ili bwino kaye. Mayi, yatsani nyali yakutsogolo, mudinenso sitata."

Anaika chikhatho kutsogolo kwa nyali. Sitata itadinidwa, kuwala kuja kunazilala mpaka kutsala kofiirira. Anatsegula chivundikiro cha m'mbali napeza mitu ya batire itachita zoyera ngati mchere, ndipo nati imodzi yomangira waya ili gwedegwede. Anapala, anamanga, nalumikiza mawaya ku batire lake lapashedi. Njinga inalira kamodzi n'kamodzi.

"Batire lanu lafooka, ndiponso silimalandira moto bwino chifukwa cha dzimbiri ili. Njingayi musaizimitse mpaka mumalize kugulitsa. Masana mubwere nalo ndilitchaje, tione ngati likusungabe moto."

Mayi uja anathokoza n'kuuyatsa ulendo, zigubu zikugundana.

Tsiku lonse makanika sanalankhule za nkhaniyi. Tiyi uja anazizira pa benchi. Chakudya chamadzulo anadya osayatsa wailesi. Mkaziyo anadziimba mlandu kuti wamuchititsa manyazi pamaso pa kasitomala, ndipo anaopa kuti shedi ija itsekedwadi.

Kutacha anatuluka ndi nsalu zake kupita pakhonde, koma makina osokera panalibe. Anatsala pang'ono kukuwa kuti kwabwera akuba. Atasuzumira m'shedi anawapeza ali pakhomo penipeni, pamalo posesedwa bwino, pansi pake atayala katoni kuti oilo asadetse nsalu. Mpando wake unali pomwepo, kumanzere kwa benchi ya mwamuna wake.

"Abambo, makina anga afika bwanji kuno?"

Makanika sanadzutse mutu. Ankapukuta pulagi yomwe inali yoyera kale.

"Pakhonde paja pali mdima, mudzaononga maso. Kuno kukuwala bwino."

Mkaziyo anayang'ana khonde lake, pomwe dzuwa linali litawala kale ngwee. Anakhala pansi n'kulowetsa ulusi mu singano. Kumsewu kunali kukubwera bambo wina akukankha njinga.

"Yatsani kiyi," anatero makanika. "Imbani hutala."

Anapendeketsa mutu, koma ulendo uno kumanzere, komwe kunali mkazi wake. Mkaziyo anachotsa phazi pa makina kuti amve bwino.