A Kaliati, Katswiri wa Udzu

Ku Nazombe kuno, ukafuna kuyambana ndi a Kaliati, yesa kuwalangiza za udzu. Anakhala zaka makumi atatu akufolera nyumba za anthu, ndipo denga lawo silinkadontha. Kenako anthu anayamba kukhoma malata, ntchito n'kutha. Mwana wawo Cornelius, amene ali ku Joni, anawagulira ng'ombe yamkaka ili ndi bere. Anati mkaka ndi wa makolo, koma mwana wa ng'ombeyo ndi wake, adzayambire khola akadzabwerera kumudzi. Ine nyumba yanga n'njoyandikana ndi yawo, choncho zonse ndinkaonera pampanda.

A Kaliati anadzala nsenjere kudimba kuti ng'ombe idzadye m'chilimwe. Mu Januwale kunabwera mlangizi wa ziweto, mayi Shakira. Anawauza kuti amwete ikangofika m'chiuno, masamba akadali anthete, aumitse pamthunzi, ndipo ikaphukira amwetenso.

"Mwana wanga," anatero a Kaliati, "ine ndinayamba kumweta iwe usanabadwe. Udzu wosakhwima ndi zinyalala. Udzu ndi wa mu Juni."

Basi, katswiri walamula. Nsenjere inakula mpaka kupitirira nyumba. Odutsa pa njinga ankaima n'kumayamikira, a Kaliati n'kumayenda ngati agula galimoto. Juni atakwana anamweta mitolo makumi asanu ndi umodzi, yowongoka, yomanga mwaluso. Aliyense wobwera pakhomo ankayamba waonetsedwa mitolo, moni pambuyo.

Amene sanagome ndi ng'ombe yokha. Inabereka mu Ogasiti, msipu wam'mbali mwa msewu utauma. Ataithirira chuma chawo cha mitolo chija, inanunkhiza, n'kubudula timasamba tochepa takunsonga, n'kusiya mapesi olimba ngati bango. Akakama, mkaka sunkadzaza ngakhale kapu.

"Ng'ombe zachizunguzi n'zamatama," anatero a Kaliati.

Akazi awo, a Belita, anayankha ali chogwada, akupala poto: "Abambo a Cornelius, ng'ombetu si denga."

Sanamve. Anaduladula mapesiwo ndi chikwanje, n'kuwaza madzi amchere, n'kuima pakhola kuilalatira ng'ombe kuti ilibe kuyamika. A Belita anazungulira m'midzi kufuna madeya ndi masamba a mtedza, koma mu Okutobala ndani angakugawire? Kamwana kang'ombe kankayamwa bere lopanda kanthu, miyendo ikunjenjemera. Kunena zoona zinandipsetsa mtima, chifukwa chakudya chinalipo mu Januwale, tonse tikuchiona, koma chinasiyidwa kuti chitalike anthu aone.

Kamwana kaja kanafa Lachiwiri m'mawa. Masana ake Cornelius anaimba foni, a Kaliati atakhala pakhonde, ndipo mawu ake ankamveka mpaka kwanga.

"Ababa, kang'ombe kanga kakukula? Munditumizireko chithunzi, anzanga kuno sakukhulupirira."

A Kaliati anachotsa foni ija kukhutu. Kenako anaipereka kwa a Belita.

"Talankhula naye iwe," anatero.