Munda wa Anti Tembo ku Wicklow

Dothi lonyowa likangondinunkhira, mtima umabwerera ku Coolock, dera lomwe ndinakulira kuno kudziko la azungu, pakhomo pa Anti Tembo, mayi a ku Chipata omwe tinkagundana nawo khoma. M'khonde mwawo munkamveka fungo la mtedza wokazinga losakanikirana ndi la mankhwala okolopera a kuhotela komwe ankagwira ganyu. Ndinali pulayimale, chaka chija mafakitale ankangotsekedwa. Amuna awo, omwe ndinkawatcha Ankolo, ntchito inawathera, mapepala awo okhalira m'dziko muno ali m'manja mwa boma, kudikira yankho. Ankolo anasiya kudya, ankangokhala pawindo atavala jekete. Akuluakulu onse nyimbo inali imodzi: usapute apolisi, dzina lako lisalembedwe paliponse.

Mu Meyi mpingo wathu unakonza ulendo wa pabasi wokaona maluwa kumapiri a Wicklow. Amayi anali pantchito kuchipatala, ndiye anandisiya m'manja mwa Anti. Anzathu anatsogola akujambula maluwa achikasu, ife n'kutsalira chifukwa cha bondo la Anti. Mwadzidzidzi anaima, dzanja pachifuwa.

"Mayo ine! Chikondi, ona! Chikanda ichi!"

Tinali timaluwa tapepo, titaima m'udzu m'mbali mwa njira. Ine sindinkadziwa kuti kwawo amakumba timizu ta maluwa oterowo, n'kusinja, n'kuphika ndi nsinjiro, chakudya chomwe amayi amachitcha chinaka. Anti anayala chitenje, kugwada, kusolola supuni m'chikwama cha kamba, kuyamba kukumba.

"Ankolo ako akalawa ichi adzuka," anatero.

Koma ine ndinali nditawerenga chikwangwani pachipata: n'zoletsedwa kuthyola ngakhale tsamba. Ndinawauza m'Chingerezi, poti mantha akandigwira Chichewa chinkandithawa.

"Iwe, za m'tchire zili ndi mwini? Tsegula pulasitiki apa."

Ndinatsegula, maso ali kunjira. Timizu tinali titadzaza chikhatho pomwe ndinaona bambo wa jekete yobiriwira, wailesi paphewa, akutsetsereka kulunjika ife. Anti atadzutsa mutu, supuni inawapulumuka.

"Basi, tapita," ananong'ona.

Mlonda uja anafunsa chomwe tinkachita. Ine ndinkapemphera kuti aname, anene kuti ataya ndolo, chilichonse. Koma Anti ananena chilungamo: mwamuna wanga sakudya, kwathu ichi ndi chakudya. Bamboyo anayang'ana maenjewo nthawi yaitali, kenako dzanja linapita m'thumba. Ndinati ndi cholembera chimenecho, dzina lalembedwa, Anti akwera ndege. Ndinayamba kulira mokweza, mamina mbwee.

Anatulutsa magolovesi. Anagwada pambali pa Anti n'kunena kuti tibwezere zonse msanga mizu isanaume, chifukwa maluwawo amatenga zaka kuti amere. Tinakwirira kamodzikamodzi, Anti akutsendera dothi ndi chala chachikulu ngati akudzala chimanga. Dzina sanafunse.

Komabe mtendere unatithawa. Munthu akagogoda kwa Anti, ine kuseri kwa khoma mtima unkangoti phaa. Wapolisi sanabwere n'komwe. Yankho la boma ndi lomwe linabwera, masamba atayamba kuyoyoka m'mitengo: popanda ntchito, palibe kukhala. Ndinakwiya koopsa. Tinabweza zonse, nanga bwanji akuchokabe?

Tsiku lonyamuka Anti anandigwira masaya ndi manja awo okhakhala.

"Usalire, iwe. Ine ndadzala munda kuphiri kuja. Uziwuyendera."

Ndimawuyenderadi. Meyi aliyense ndimakwera njira ija, ndipo timaluwa tija tachuluka. Ndimajambula n'kutumiza ku Chipata, kumene Ankolo ananenepa mpaka jekete ija inawachepera. Yankho la Anti silisintha: "Chakhwima, kumba! Wa jekete yobiriwira uja alipo?"

Ndimaseka ndekha paphiripo. Koma ndisanagwade kuti ndijambule, ine mayi wamkulu, wa pasipoti ya dziko lino m'thumba, ndimayamba ndacheuka kaye kunjira.