Satifiketi ya ababa pa ulendo wa ku Chileka

Tinanyamuka pa Lirangwe Lachiwiri cha m'ma 6 koloko m'mawa, ine ndi ababa. Iwo ankakafunsira ntchito ku kampani ina yaing'ono ya ku Chileka, yolumikiza makompyuta m'maofesi. Ntchito yotereyi anaisiya zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo kuti azidwazika amayi. Amayiwo tinawaika m'manda chaka chatha. Ananditenga kuti ndiwagwirire envulopu ya mapepala, koma ndikuganiza kuti ankangoopa kuyenda okha.

Minibasi inatilipiritsa K800 aliyense mpaka pa Kameza. Kondakitala anatipanikiza anayi pa mpando wa atatu, ine theka pampando, theka pa dengu la tomato. Mwini dengulo, mayi wina wansangala, anayang'ana tayi ya ababa.

"Kukhoti, bambo?"

"Ayi mayi, kofuna ntchito. Ndine wa makompyuta."

"Ndiye tayi dzuwa lonseli? Makompyutawo amaona?"

Anthu anaseka, ababa nawonso. Koma manja awo sanachoke pa chikwama cha zida, ndipo milomo yawo inkayenda chamumtima. Ankaloweza mitundu ya timawaya tisanu ndi titatu timene timalowa m'kamutu ka chingwe cha makompyuta. Sabata yonse anali akuyeserera pakhonde, zala zozolowera khasu zikukana.

Pa Lunzu tinaima nthawi yaitali kudikira anthu. Ababa anandigulira mandasi awiri, iwo sanadye. Pa Kameza tinafika 8 koloko itadutsa, n'kukwera minibasi ina ya K300. Tikuyandikira Chileka ndinaona ndege ikutera, koyamba m'moyo wanga. Ababa sindinawagwedeze, anali atatsinzina.

Kuofesiko anatilandira bwana wachinyamata, a Sumani. Ataona ababa anaima kaye, kenako anawagwira dzanja ndi manja onse awiri.

"A Matola! Ndinudi? Paja kudula chingwe munandiphunzitsa ndinu, ndili mwana wa pa kozi."

"Ndipo unkadula chala m'malo mwa chingwe," anatero ababa. Kenako anazindikira pamene ali. "Munkadula, bwana."

Ndinakhala pa benchi panja pa chitseko, ndipo ndinamva zonse. Ababa anatulutsa satifiketi yawo, imene amayi anaikutitsa pulasitiki kuti chiswe chisaidye.

"Pepala ili linatha mphamvu kalekale," anatero a Sumani motsitsa mawu. "Muyenera kulembanso mayeso."

"Ndikudziwa. Koma manjawa akukumbuka. Ndipatseni chingwe ndikuonetseni."

"Chingwe aliyense pano amatha, mdala. Masiku ano makina a ku Zomba timawakonza tili pampando pompano. Mungatero?"

Anawafunsa mafunso atatu. Loyamba ababa anayankha bwino. Lachiwiri anayankha, a Sumani n'kunena kuti njira imeneyo inasiyidwa. Lachitatu linawakanika. Chikwama cha zida sichinatsegulidwe n'komwe. Ndinayang'ana nsapato zanga, ndikulakalaka ndikanakhala kutali kuti asadziwe kuti ndamva.

"Malo a injiniya sindingakupatseni," anapitiriza a Sumani. "Otsala ndi okoka zingwe m'denga ndi kunyamula makwerero. Mungamagwire uku mukuwerenga za mayeso. Koma munthu ngati inu, ine manyazi akundigwira."

Ababa anabweza satifiketi yawo mu envulopu.

"Manyaziwo ndisiyireni ine. Ndiyambe liti?"

"Lolemba."

Masana tinadya tchipisi cha pachiwaya pafupi ndi siteji, mbale imodzi tonse awiri. Sanandifunse ngati ndinamva, inenso sindinanene. Anangoti, "Amayi ako ankauza anthu kuti ndine injiniya." Misozi inalengeza m'maso mwanga, ndinanamizira tsabola.

Pobwerera tinatsika pa Lunzu cha m'ma 3 koloko. Analowa m'golosale n'kutuluka ndi kope latsopano ndi bolopeni. Ndinatambasula dzanja poganiza kuti n'zanga.

"Ili ndi langa," anatero. "Iwe umawerenga bwanji kuti zinthu zikhale m'mutu? Ine ndinaiwala."

Ndinawauza kuti ndimalemba zochepa tsiku lililonse, ndipo zondivuta ndimazibwereza mawa lake. Anamvetsera ngati ndine aphunzitsi.

Tinafika pa Lirangwe dzuwa litapendeka. Ine ndinkayesa kuti zaka zodwazika amayi zinangotitengera amayi okha. Sindinkadziwa kuti ababa anatayanso zina, ndipo sanadandaulepo tsiku ndi limodzi lomwe. Tisanalowe m'nyumba anakhala pakhonde n'kulemba dzina lawo pachikuto cha kope lija. Pamzere wa kalasi anaimitsa bolopeni kanthawi, kenako anapasiya popanda kanthu.