Kutsazika kwa Zelipa ku Markham

Anthu amene anamudziwa Zelipa Nachisale ali nesi ku Oshawa sakhulupirira ukawauza kuti chaka china anayendayenda m'matauni akusewera tenesi ya mipikisano. Iwo amakumbukira mayi wamtali, wosalankhulalankhula, amene ankatembenuza nkhalamba pabedi ndi dzanja limodzi. Akanayang'anitsitsa akanaona kuti mkono wake wamanja unali waukulu kuposa wamanzere, ndipo si unesi umene unaukulitsa.

Tenesi anaidziwira ku Zomba, kumene bambo ake, a Jailosi, ankasamalira mabwalo a kalabu ya azungu. Mabwalowo anali a dothi la pachulu. M'mawa uliwonse a Jailosi ankawathira madzi, kuwatsendera ndi chigudumu chachitsulo, n'kujambula mizere ndi laimu, ndipo eni masewero asanabwere Zelipa ankamenyetsa mpira kukhoma ndi raketi imene dona wina anaitaya. Palibe anamuonetsa kagwiridwe kake. Ankaigwira ngati mpini wa khasu, ndipo mpira wake unkapita chokwawa, osanjanja monga unjanjira wa anthu ophunzitsidwa. Mu 1972 mpingo unamutumiza ku Canada kukaphunzira unamwino, ndipo atamaliza anapeza ntchito panyumba ina yosungira okalamba ku Oshawa, tauni imene aliyense ankaoneka kuti amagwira kufakitale ya magalimoto kupatula iyeyo.

Amalawi kumeneko masiku amenewo anali oti n'kuwawerenga ndi zala. Mnzake weniweni anali mmodzi, Hilda wa ku Mulanje, nesi pachipatala china chachikulu pakati pa Toronto, ndipo ankaonana mashifiti akalola, mwina kamodzi pamwezi. Masiku ena onse Chichewa chake chinkangothera mumtima. Akaweruka ankapita kuseri kwa sukulu ina kukamenya mpira kukhoma, chifukwa khoma limabweza chilichonse ndipo silifunsa kuti kwanu n'kuti. Kumeneko n'kumene bambo wina wa kalabu ya tenesi anamuona. Patatha zaka ziwiri, ku Oshawa ndi matauni oyandikana nawo kunalibenso mkazi woti n'kumugonjetsa.

Ndiye mu 1977 anamuuza za mipikisano ing'onoing'ono ya akazi, imene osewera osatchuka amayambira. Inali khumi, sabata iliyonse tauni ina, kuyambira Juni mpaka Ogasiti. Ukapambana unkapeza mapointi, ndipo pamapeto atsikana asanu ndi atatu a mapointi ambiri ankakwezedwa kukasewera ndi akuluakulu aja oonekera pa TV. Metironi wa kuntchito anamupatsa tchuthi cha masabata khumi, n'kumuuza mosapita m'mbali kuti kameneka n'koyamba komanso komaliza, chifukwa nkhalamba sizidikira tenesi. Zelipa anali ndi zaka 27. Atsikana ambiri amene ankakakumana nawo anali asanakwanitse 20, choncho iye ankadziwa bwino lomwe kuti chaka china choyesera sichidzakhalapo.

Anajambulitsa chithunzi atavala kadiresi koyera kosewerera, kuti atumize kwa a Jailosi. Atachiona anachibisa mu Baibulo. Mawondo onse anali pamtunda, ndipo kwawo nthawi imeneyo diresi yotero inali mlandu.

Moyo wa mipikisano imeneyo musaumve kukoma. Unali wa mabasi, masangweji ozizira, ndi kuchapa kadiresi kamodzimodzi m'sinki kuti kaume pofika mawa. Atsikana anali ambiri koma aliyense anali yekha, poti mnzako wa lero mawa ali kutsidya kwa neti kufuna kukuchotsa. Chimene chinkamupweteka Zelipa kuposa matuza a m'manja chinali kasowedwe ka anthu. Mtsikana amene mwadyera naye limodzi kadzutsa, akagonja masana, pofika madzulo wapita, osanena ngakhale kuti ndapita. Zelipa ankamufunafuna m'chipinda chovalira, n'kungopeza hang'ala ikulendewera. Sabata yachitatu ku Buffalo anagonja mpikisano utangoyamba kumene, ndipo anazungulira kalabu yonse akugwira chanza aliyense, mpaka bambo wotchetcha kapinga. Atsikana anamuseka, ena n'kumafunsana ngati wasiyiratu tenesi.

Malo ogona ankapatsidwa ndi mabanja a m'makalabu, amene ankalandira osewera kwaulere. Apa napo Zelipa anawasokoneza eni nyumba. Ankadzuka iwo asanadzuke, kusesa, kutsuka mbale zimene zinali kudikira makina otsukira, ndipo akamapatsidwa kapu ya tiyi ankalandira ndi manja awiri atapinda mawondo. Eni nyumba ankachita manyazi, iyenso n'kuchita manyazi poona kuti awo achita manyazi, mpaka sabata kutha asanadziwane.

Koma pabwalo zinkayenda. Mpira wake wokwawa unkawazunguza mutu atsikana ophunzitsidwa m'makoleji, amene anazolowera mpira wobwera mwaulemu kufika m'chiuno. Sabata yachisanu ndi chinayi mpikisano unali kufupi ndi Oshawa, ku Markham, kumene panthawiyo minda ya chimanga inali idakali kulimbana ndi nyumba zatsopano. Anasewera ngati walodzedwa. Anagonjetsa atsikana anayi motsatizana, n'kugonja Loweruka mu semifainolo, ndipo pamndandanda umene anakhoma pachitseko cha kalabu dzina lake linafika pa nambala 9. Wa nambala 8 ankangomuposa pang'ono, komanso mtsikanayo bondo linali likumuvuta. Kunatsala mpikisano umodzi, wa ku Ottawa. Kupambana masewero awiri okha kumeneko kunali kokwanira.

Lamulo lake linali limodzi ndipo aliyense ankalidziwa. Wosewera ankayenera kufika yekha, n'kusaina dzina lake m'buku la mpikisano isanakwane 6 koloko madzulo a Lamulungu. Foni sinkaloledwa, ndipo mnzako sankakusainira.

Ku Markham anasungidwa ndi mayi Phyllis, mayi wamasiye wa imvi, amene ankakhala okha m'nyumba ya zipinda zinayi. Mwa onse amene anamusunga, awa okha ndi amene sanamulande tsache. Anangomuyang'ana akusesa, n'kupita kukatenga lina, n'kumasesa naye. Tsiku lililonse ankabwera kubwalo n'kukhala pabenchi yakumapeto atanyamula botolo la madzi a mandimu. Ataona matuza anam'manga okha bandeji, nesi n'kumangidwa bandeji ndi munthu wamba. Anamufunsa dzina la bambo ake, ndipo mawa lake analikumbukira. Zelipa anali asanasungidwepo choncho chichokereni ku Zomba, ndipo anawakonda mayiwo, osati pang'ono.

Lamulungu m'mawa anapita kothamanga, ndipo pobwera anapeza galimoto ya mayi Phyllis palibe. Patebulo panali kakalata. Kanati atuluka, kiyi aike pansi pa mphika wa maluwa wa pakhonde, ndipo akumufunira zabwino zonse ku Ottawa. Zelipa anawerenga, n'kuganiza kuti apita kutchalitchi ndipo kakalatako n'kongosamala chabe. Munthu wamusunga masiku asanu ndi atatu sangalephere kubwera kudzamuona akunyamuka. Anasamba, kuchapa nsalu zapabedi, kuyanika, kulongedza sutikesi, n'kuiika pakhonde pamodzi ndi maraketi ake awiri.

Cha m'ma 9 koloko kunaima galimoto ya Bertha, mtsikana wa ku Ohio amene analonjeza kumutenga. Zelipa anamupempha kuti adikire pang'ono chifukwa anali asanatsazike. Bertha sanamvetse. Anamuuza kuti alembe mawu awiri kuseri kwa kakalata komweko, ndipo akafika adzatumize khadi, monga amachitira aliyense. Zelipa anayankha kuti kalata amalembera munthu amene ali kutali, osati amene wagona m'nyumba mwake. Bertha anadikira mphindi khumi injini ikulira, kenako anapukusa mutu n'kumapita.

Panali padakali njira. Basi ya ku Ottawa inkanyamuka pa depoti ya pa Bay Street ku Toronto hafu pasiti 12, ndipo kuti akaipeze ankayenera kuchoka ku Markham pofika 11 koloko, kukwera basi mpaka kusiteshoni ya Finch, kenako sitima yapansi panthaka. Mapemphero a azungu satalika, anadziuza choncho, ola limodzi basi. Anasesanso khonde limene anali atasesa kale.

Itatsala pang'ono kukwana 11 koloko anaimbira Hilda, amene anali atangodzuka chifukwa cha shifiti. Hilda sanachedwe kupsa mtima.

"Iwe Zelipa, ukuweita chiyani pamenepo? Kuno ndi ku Canada. Just leave a note, uzipita. Ukamisa basi imeneyo, that's it."

"Achemwali, mayi aja andimanga mabala. Ndituluke m'nyumba mwawo ngati wakuba?"

"Sakhumudwa, ndikukuuza. Udzawafonera mawa."

"Iwo mwina sakhumudwa. Nanga ine?"

Hilda anamutchula mayina angapo amene sitingawalembe pano, n'kudula foni. Kunena zoona Hilda sankalakwa. Zelipa nayenso ankadziwa kuti salakwa. Anafika ponyamula sutikesi, kutseka chitseko, kuika kiyi pansi pa mphika, n'kuyenda mpaka pageti. Pamenepo anaima. Kwawo munthu wochoka osatsazika ndi amene wakwiya kapena waba, ndipo a Jailosi ankatsazika ngakhale mlonda wa pakalabu tsiku lililonse kwa zaka makumi awiri. Anaganiza za mayiwo akulowa n'kupeza nyumba ili zii, nsalu zili pachingwe. Anadziuza kuti adikira mphindi zisanu zokha. Basi ya 11 koloko anaimva ikudutsa kumsewu waukulu, iye atakhala pamasitepe.

Kuyambira pamenepo ankangodzinamiza. Ankati akabwera pofika 1 koloko, mwina amuthamangitsira okha pagalimoto ndipo akafika. 1 koloko inakwana, kenako 2. Msewu unali phee, monga mmene misewu ya kumeneko imakhalira Lamulungu, nyumba zonse zili ndi anthu koma osaoneka ndi mmodzi yemwe. Njala inamugwira, koma sanafune kutsegula firiji ya eni mwini wake palibe.

Mayi Phyllis anafika 4 koloko itadutsa. Anatsika pang'onopang'ono, nkhope itagwa, n'kumufunsa ngati wadwala kapena Bertha wamusiya. Zelipa anaimirira n'kunena kuti ayi, amadikira kuti atsazike. Mayiwo anakhala pansi pamasitepe pomwepo, chikwama chili pamiyendo.

Kutchalitchi sanapite n'komwe. Anamuuza kuti chichokereni mwana wawo mmodzi yekhayo kupita ku Australia zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, satha kuona munthu akutuluka pakhomo pawo ndi sutikesi. Chaka chilichonse amasunga wosewera, ndipo tsiku lonyamuka amachoka m'mamawa kukaimika galimoto pamalo oimikapo a mashopu, amene Lamulungu amakhala otseka, n'kukhala momwemo mpaka atatsimikiza kuti mlendo wapita.

"Ndinadutsa pano hafu pasiti 10," anatero. "Ndinaona maraketi ako pakhonde, ndiye ndinabwerera. Ndinabweranso 1 koloko, n'kukuonera patali. Ndimati ukudikira galimoto. Ndimakupatsa mpata woti upite."

Zelipa anamva mkwiyo umene anali asanaumvepo, ndipo analibe poutula. Hafu pasiti 10 nthawi inalipo yokwanira. Akanangoima, kutsitsa galasi, mawu atatu akanatha zonse. Koma munthu sungakalipire nkhalamba imene yakhala maola asanu ndi atatu m'galimoto yotentha chifukwa choopa kukuona ukupita.

Mayi Phyllis anathamangira pafoni. Anaimbira ku Ottawa, kufotokoza, kuchonderera, kunena kuti cholakwa n'chawo. Bambo wa kumeneko anayankha mwaulemu kuti akumva chisoni, koma buku limafuna dzanja la mwini dzina, ndipo kuchokera ku Markham palibe galimoto ingafike isanakwane 6 koloko. Tenesi ya Zelipa inathera pafoni imeneyo. Sabata yomweyo wa nambala 8 uja anagonja masewero ake oyamba, akutsimphina, koma anakwezedwabe.

Zelipa anaanula nsalu, kuzipinda, n'kuziika pabedi. Kenako anabwera pabalaza pamene mayiwo anaima atagwira mpando. Anagwada, monga anayenera kuchitira m'mawa uja, n'kuyamba kuwathokoza chifukwa cha chakudya, malo ogona ndi bandeji. Anali asanafike pakati pamene mayi Phyllis anatseka kumaso ndi manja.

"Chonde, mwanawe, usanene. Ndilowa kukhitchini. Upite ndili komweko."

Analowadi, kutseka chitseko, n'kutsegula mpopi kuti asamve kanthu. Zelipa anatsala chogwada pakapeti. Anamalizabe mawu ake onse, m'Chichewa tsopano poti panalibe womvetsera, mpaka pa tsalani bwino. Anadikira pang'ono. Madzi ankangothira m'sinki.

Ananyamula sutikesi ndi maraketi, kudzitsegulira chitseko, n'kudzitsekera yekha. Mpaka kukafika pamsewu waukulu ankacheukabe, koma pawindo panalibe munthu.